Zipora Wotsuka Matumbo ndi Mlandu wa Mdulo

Ine ndine Mateyu, ndimapha mbuzi pamsika wa Mitundu. Mukazungulira kuseri kwa mabenchi a nyama, kumene kumayenda madzi ofiira kuja, mudzapeza mayi wamfupi atakhala pa chidebe chovundikira, beseni pakati pa miyendo, manja ali m'matumbo. Ameneyo ndiye Zipora. Ndikafuna kuti andichitire chinthu ndimati a Nangondo, koma tikayambana ndi Zipora basi. Watsuka zam'mimba za mbuzi zanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sindikumbukira tsiku limene anandivomereza kuti ndanena zoona.

Ntchito yake anthu amaipeputsa. Kukhutula chifu, kutembenuza matumbo ndi kamtengo, kuchotsa ndulu osaiboola, kukulunga nthumbwana. Sukulu analekezera sitandade sikisi, koma za m'kati mwa mbuzi palibe womuuza. Chiwindi akangochigwira ndi zala ziwiri amadziwa ngati chili bwino. Kangati konse wandiuza kuti, "Ichi chili ndi tizilombo, tayani." Ine ndimati owotcha kanyenya atenga, moto upha zonse. Ndikangotembenuka kuti ndipime nyama, ndimapeza agalu akuchilimbirana. Ndimakalipa, iye akungotsuka.

Mwamuna wake ndi a Gilibati, ochokera cha ku Nathenje. Anabwera kudzakhala chikamwini kwawo kwa Zipora, ndipo ali ndi ana atatu, woyamba Dalitso. Iwo ndi munthu wa dimba. Anakulira m'dimba la bambo awo m'mbali mwa mtsinje, ndipo atakwatira anapempha malo kudambo n'kupitiriza zomwezo: tomato, kabichi, mpiru. Kuyambira ali mwana, tsiku lililonse amalowa m'madzi mpaka m'mawondo kukatunga ndi makheni awiri. Mowa sanaulawepo. Kulankhulanso ndiye ayi, ndi munthu woti mukamupatsa moni lero amayankha mawa. Ndinkadabwa kuti awiriwa amacheza bwanji, chifukwa Zipora akaseka amamveka mpaka kokwerera minibasi.

Zinayamba ndi mimba. A Gilibati ndi owonda ngati mpini wa khasu, ndiye mimba itayamba kutuluka tinkawaseka kuti tomato wayamba kuwakonda. Kenako mapazi anakana kulowa m'nsapato. Iwo ankangogula timapiritsi ta ululu pagolosale n'kubwerera kudimba. Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa Okutobala, akuthirira, anangogwada pakati pa mizere n'kusanza. Osati malovu osakanikirana ndi magazi ayi. Magazi enieni, ena oundana, ochuluka ngati mmene amatulukira ndikazinga mbuzi. Anzawo a madimba oyandikana anawakweza pa njinga yamoto, wina kumbuyo atawagwira. Pachipatala chapafupi anawaika diripi n'kuwatumiza ndi ambulansi kuchipatala chachikulu m'tauni. Uthenga unamupeza Zipora ali pantchito, ndipo anathamanga osasamba m'manja.

Tsiku lachitatu kuchipatalako kunafika a Felesiya, achemwali awo a Gilibati, kuchokera ku Nathenje. Ndi mayi wamtali, wolemekezeka kwawo, amene amayambitsa nyimbo pamaliro. Anayang'ana miyendo ya mlongo wawo, anayang'ana mimba, anamva za magazi, n'kunena mawu amodzi: mdulo.

Ana a masiku ano ena sadziwa mdulo. Makolo ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina thupi lake limatentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake n'kudya, amadulidwa. Miyendo imatupa, mimba imatupa, kenako kusanza magazi. Kutchalitchi timapita ndithu, koma munthu akasanza magazi mitima ya ambiri imathamangira kumeneko, Baibulo lili m'khwapa. Ndipo kunena zoona, zizindikiro zonse a Gilibati anali nazo, palibe chinasowa.

Nanga mwamuna winayo anali ndani? Ine! Ine Mateyu, wadazi, wonunkha mbuzi mpaka sopo anandigonja. Ati mkazi wotani wokhalira kuseka ndi amuna opha nyama kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mkazi wanga Elube atamva anaseka mpaka kukhala pansi. Kuseka kunatha mawa lake, atafika pamjigo n'kuona amayi onse akhala chete nthawi imodzi. Ine ndinapsa mtima zedi, ndinkafuna kukwera njinga kupita ku Nathenje ndi mpeni wanga womwewo. Elube anati, "Khalani pansi, mukapita mukaonjezera nkhuni pamoto."

Za kuchipatala anandifotokozera Zipora mwini wake atabwerako. A Gilibati anawapatsa magazi, kenako anawalowetsa kapaipi pakamwa kokhala ndi kamera kunsonga. Anapeza kuti kumunsi kwa m'mero, pamene njira ya chakudya imalowera m'chifu, mitsempha inali itatupa n'kupindikapindika, umodzi utaphulika. Anaimanga ndi timphete ta mphira. Dokotala wake, mtsikana wa magalasi, anamuitana Zipora n'kuyamba kujambula kuseri kwa pepala.

"Magazi onse ochokera m'matumbo, m'chifu ndi m'kapamba," anatero dokotala, "amasonkhana mu mtsempha umodzi waukulu, n'kulowa m'chiwindi. Akadutsa m'chiwindi ndiye amapita kumtima."

"Ndimaudziwa," anatero Zipora. "Koma mwaujambula pamwamba kwambiri. Umalowa kunsi, chapafupi ndi ndulu."

Dokotala anavula magalasi. "Mayi, munaphunzira kuti?"

"Pa Mitundu."

Anaseka onse awiri, ndiye dokotala anapitiriza mosafulumira, ngati akulankhula ndi mnzake wa ntchito. Anati a Gilibati ali ndi likodzo, koma osati lija lokodza magazi. Lilipo lina la m'matumbo, lochokeranso ku nkhono za m'madzi. Tizilombo take timaboola khungu munthu akaima m'madzi, timakhala m'mitsempha n'kumaikira mazira zaka ndi zaka. Mazirawo amakakamira m'tinjira ta m'chiwindi mpaka tinjirato timauma n'kuchepa. Magazi akafika pachiwindi amapeza podutsa pali pothina, ndiye amabwerera m'mbuyo kufuna kwina. Kapamba amakula, madzi amadzaza m'mimba. Tsono kumunsi kwa m'mero kuli timitsempha tating'ono tokhala ndi njira ziwiri: ina yotsikira kuchiwindi, ina yokwera m'chifuwa kupita kumtima. Magazi okanika aja amadzazana m'menemo kuti azilambalala chiwindi. Timitsemphato sitinapangidwire katundu wotero, ndipo tili pansi pa kakhungu kopyapyala. Timatupa, timatupa, tsiku lina timaphulika.

Zipora akuti anamva thupi lonse kupepuka. Zinthu zonse zimene ankatchula dokotala anali atazigwira ndi manja ake kambirimbiri.

Vuto linabwera pa tsiku lotuluka. Dokotala anaima pabedi kupereka malangizo, a Felesiya ali pomwepo. Mankhwala a likodzo amwa kale. Kapiritsi kena azimwa tsiku lililonse kochepetsa mphamvu ya magazi m'mitsemphamo. Mapiritsi a ululu ogula okha asiye, chifukwa ena amayambitsa kutaya magazi. Chilichonse chosanzitsa asamwe. Chimbudzi chikada ngati phula athamange nawo. Abwerenso pakatha mwezi kuti adzamange mitsempha yotsala. Pomaliza anati, "Ndipo mchere, mayi, musamawathirire m'ndiwo."

A Felesiya anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Ndi adokotala omwe akuti mchere!"

Dokotala anayesa kufotokoza kuti mchere umasunga madzi m'thupi, mimba ingatupenso. Koma ndani ankamvera? A Felesiya anali atanyamula kale chikwama cha mlongo wawo. Anati wodwala akachirira kwawo ku Nathenje, ndipo Zipora asayerekeze kuwaphikira. Chimene chinamupweteka Zipora si mawu a mlamu wake. N'chakuti a Gilibati sananene kanthu. Anayang'ana pansi n'kutsatira achemwali awo kukakwera minibasi ina. Zaka makumi awiri ndi zinayi za banja, osatembenuka ngakhale kamodzi.

Patapita masiku kunabwera uthenga wa ankhoswe. Loweruka la sabata yachitatu Zipora akaonekere ku Nathenje. Akaulule, chifukwa mankhwala a mdulo sagwira popanda woulula. Akaulula, sing'anga apereka mankhwala osanzitsa kuti zoipa zonse zituluke, ndipo za banja akambirana pambuyo. Akakana, banja latha, a Gilibati sabwereranso ku Mitundu.

Lolemba lake Zipora anabwera kuntchito maso ali ofiira. Anakhala pa chidebe chake n'kunena kuti, "A Mateyu, ndikanama kuti ndinachita, awasanzitsa, mitsempha iphulika, afa. Ndikakana, ndawataya. Ndiye ndichite chiyani?"

Ine ndinangoti tikaitane dokotala uja akawauze yekha.

"Anawauza kale. Pepala anthu aja sakhulupirira." Anayang'ana mbuzi imene ndinali nditapachika. Kenako anati, "Iyi musadule zam'kati. Mutulutse zonse pamodzi, kuyambira kum'mero mpaka kumatumbo, zisalekane."

Ndinadandaula kuti akundichedwetsa, makasitomala akudikira. Anandiyang'ana diso lija, ndinachita. Anayala zonse pa lata, anafufuza kunsi kwa chiwindi mpaka anapeza mtsempha waukulu uja, n'kuumanga ndi chingwe cha thumba. Kenako anayamba kufinya pang'onopang'ono ndi chikhatho, kuchokera kumatumbo kukankhira kuchiwindi. Tsiku loyamba palibe chinaoneka, magazi anali atagwirana kale. Lachiwiri chingwe chinadula mtsempha. Lachitatu anandiuza kuti ndifulumire kusenda, ndipo atafinya ndinaona ndi maso angawa: timitsempha ta pachifu tinada n'kudzuka, kutsata njira yokwera kumene m'mero umalowera. Sitinatupe kwambiri, koma tinaoneka.

"Loweruka mupita nane," anatero. "Ndi mbuzi yamoyo."

"Ine? Amene akuti ndine chibwenzi chanu? Mwapenga kodi, Zipora?"

"Wina angasende msanga ngati inu ndani?"

Ndinakauza Elube ndikuyembekeza kuti akana, ndipulumukire pomwepo. Iye anati, "Pitani. Ine ndatopa kutunga madzi anthu ali chete."

Loweruka tinadzera njira yafumbi yodulira ku Nathenje, njinga zamoto ziwiri. Zipora ndi achimwene ake, amene ndi nkhoswe yake, anali patsogolo. Ine ndinali pambuyo, mbuzi yomanga miyendo ili pamiyendo panga, ikulira njira yonse. Tinafika dzuwa litakwera. Pabwalo la nyumba ya a Felesiya panali atsibweni awo a Gilibati, nkhalamba yosamva bwino, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna, ndi amayi ngati asanu ndi mmodzi pamphasa. A Gilibati anakhala pakhonde atatsamira khoma, ndodo pambali. Anali atatha, khosi ngati la nkhuku.

A Felesiya ataona mbuzi anaimirira. "Ehe! Mwaona? Mlandu wadziweruza wokha. Abwera ndi mbuzi yopepesera, ndi chibwenzi chake chomwe!"

Apo ndiye ndinazindikira kupusa kwathu. Mbuzi pamlandu imabwera ndi wolakwa, mwana aliyense amadziwa. Amayi aja anayamba kunong'onezana, wina analavula. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Atsibweni anakhazika anthu chete, anafotokoza nkhani monga mwa mwambo, n'kufunsa Zipora ngati ali ndi choulula. Iye anagwada n'kunena kuti, "Ndilibe choulula, atsibweni. Mbuziyi si yopepesera. Ndikupempha mundilole ndikuonetseni chimene chikuwadwalitsa bambo a Dalitso. Mukaona, muweruze mmene mufunira."

Nkhalamba ija inafunsa kawiri kuti akuti chiyani. Atabwereza mokweza, inati, "Nyama ikaphedwa idyedwa pompano?" Zipora anati inde. "Ndiye iphani."

Sindinasendepo mbuzi msanga ngati tsiku limenelo. Ndinaipachika pa nthambi ya mtengo wa mango, ndinatulutsa zonse pamodzi n'kuziyala pa masamba a nthochi. Zipora anakwinya chitenje, anagwada, n'kuitana anthu kuti asendere. Ankalankhula ngati mmene amachitira pondikalipira, mosaopa.

"Uwu ndi m'mero, chakudya chimatsikira umu. Ichi chifu. Mbuzi chifu chake n'cha zipinda, chathu n'chimodzi, koma njira ya magazi ndi yofanana. Taonani timitsempha iti ta m'mafuta a matumbo. Tonse tikupita kuti? Tsatani chala changa. Tikukumana apa, mu mtsempha uwu, ndipo uwu ukulowa m'chiwindi. Chiwindi cha bambo a Dalitso chinauma m'kati ndi mazira a likodzo la m'madzi amene amathirira dimba. Ndiye ndi ngati chonchi."

Anamanga chingwe. Anafinya. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Anafinyanso, ndipo timitsempha tija tinadzuka, takuda, kukwera cha kum'mero. Mayi wina anati, "Iii!"

"Magazi akasowa podutsa amathawira uku. Kwa munthu, zikachitika zaka zambiri, timitsempha iti timakula ngati chala, kenako timaphulikira m'kati mwa m'mero. Ndiwo magazi anasanza aja. Mukawapatsa chosanzitsa, mung'amba pamene adokotala anamanga."

Ine ndinkati basi, tapambana. Koma a Felesiya si munthu wogwa ndi mphepo yoyamba. Anayang'ana bwinobwino, manja kumbuyo, n'kunena modekha kuti, "Mwalankhula bwino, alamu. Mitsempha yaphulika, ndavomera. Koma amuna a mudzi uno onse amalowa m'madzi omwewo. Bwanji onse sakusanza? Bwanji achimwene okha?"

Zipora anati, "Adokotala akuti ena limawagwira kwambiri, ena pang'ono. Kupitirira apo sindikudziwa."

"Simukudziwa," anatero a Felesiya. "Ife tikudziwa. Ndipo mbuzi si munthu."

Amayi aja anagwedeza mitu kuvomereza n'kuyamba kubwerera pamphasa. Zipora anatsala yekha atagwada, manja ali magazi, ntchentche zikumuzungulira. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Ndinayamba kupukuta mpeni kuti tizipita.

Ndiye tinamva ndodo ikugogoda pansi. A Gilibati anali atadzuka. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse, anafika pa masamba paja n'kunjuta movutikira.

"Amake Dalitso," anatero, "tafinyaninso."

Zipora anafinya. Iwo anaika chala pa kamtsempha kotupa, anatsata mpaka pachingwe, anabwereranso. Anachita zimenezo katatu. Kenako anati, "Ukatseka ngalande kumunsi, madzi amakaswa mzere wofewa." Ndinkaganiza kuti atha. Koma anatembenukira kwa achemwali awo.

"Mukuti ndine ndekha, achemwali. Si ine ndekha. Abambo ankathirira dimba lomwe ndinakuliramo ine. Anatupa miyendo. Anatupa mimba. Anasanza magazi pabwalo pompano, pamene mwaimapo."

Atsibweni, amene samamva kanthu, izi anazimva, ndipo anaweramitsa mutu.

Ine sindinkadziwa nkhaniyo, anandifotokozera achimwene ake a Zipora pobwerera. Bambo awo a Gilibati anamwalira zaka zoposa makumi atatu zapitazo, ndipo mlandu unagwera mayi awo, mlandu womwewu wa mdulo. Mayiwo anakana kuulula mpaka mwamuna wawo anaikidwa. Pamudzi sanawathamangitse chifukwa panali pawo, koma anakhala ndi dzina loti anapha mwamuna. A Felesiya anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anauzidwa kuti kuyambira tsiku limenelo aziphikira okha ang'ono awo, ndipo sanadyenso chophika mayi awo mpaka mayiwo anamwalira, patatha zaka makumi awiri.

"Amayi ankalumbira," anatero a Gilibati. "Ankagwira dothi n'kulumbira. Ine ndinali mwana, ndinakhala chete. Nditakula ndinakhalabe chete. Masabata atatu awa ndakhalanso chete, mkazi wanga akutukwanidwa." Anapumira. Sindinawamvepo akulankhula mawu ochuluka chonchi. "Amake Dalitso, kaloweni m'nyumbamo mutenge chikwama changa. Mapiritsi ali pawindo."

Zipora sanalire. Anapukuta manja pa masamba, analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwama. Kenako anawathandiza amuna ake kuimirira. A Felesiya anali atakhala pansi, pa dothi, osati pamphasa. Palibe anawayandikira. Nyama tinaisiya pomwepo.

A Gilibati alipo mpaka lero. Apita kawiri kukamangitsa mitsempha yotsala, kapiritsi kawo samaphonya, ndipo kudimba amalowa atavala majombo, akudandaula kuti akutentha. Dokotala anawauza mosabisa kuti chiwindi sichidzabwerera mwakale ndipo magazi angadzatulukenso. Zipora amadziwa zimenezo. Ndiwo zawo amapatula asanathire mchere, ndipo foni yake tsopano imakhala m'kapepala ka pulasitiki pambali pa beseni, kuti akaitanidwa asachedwe. Kuntchito anabwerera Lolemba lotsatira mlandu uja, ndipo asanakhale n'komwe anandiponyera agalu chiwindi china.

Patatha miyezi iwiri, tsiku la msika, ndikupima nyama, ndinaona mayi wamtali ataima kuseri kwa mabenchi, nsapato zikunyowa m'madzi ofiira aja. Anali a Felesiya. Anali atawonda. Ndinagwira mpeni mwamphamvu, chifukwa mkwiyo wanga unali usanathe, koma iwo sanandiyang'ane n'komwe.

"Alamu," anatero kwa Zipora, "ndabwera kuti mundionetsenso."

Zipora anandiyang'ana. Ndinang'ung'udza, koma ndinasenda mbuzi yotsatira n'kutulutsa zonse pamodzi. Iye anayala pa lata, anamanga chingwe, n'kugwira dzanja la mlamu wake kuliika pamatumbo. "Finyani nokha."

A Felesiya anafinya. Timitsempha tinadzuka. Anasiya, tinagona. Anafinyanso. Anachita zimenezo kambiri, anthu akudutsa n'kumadabwa. Misozi inkagwera pa lata, koma nkhope yawo sinasinthe.

"Tsiku lililonse amayi ankandiitana," anatero. "Akapakula ankaima pakhomo n'kunena kuti, Felesiya, bwera udye. Zaka makumi awiri. Ine ndinkangodutsa." Anapukuta mphuno ndi mkono, chifukwa manja anali magazi. "Ndiye ndikapepese kwa ndani, alamu?"

Zipora anathira madzi m'kapu n'kuyamba kuwasambitsa m'manja, chala ndi chala.

"Kwa ine mwafika kale," anatero. "Kwa amayi anu sindingakuthandizeni."